Makhadi a pa Foni ya Ababa

Khadi latsopano linafika Lolemba m'mawa, Shifa akupinda zitenje kuseri kwa kauntala m'sitolo ya bambo ake ku Kapata, m'tauni ya Chipata. Foni inanjenjemera m'thumba la diresi. Sanaitulutse msanga. Anadikira kuti azakhali ake, a Mwanaamina, atembenukire kwa mayi wina amene ankasankha nsalu ya ukwati, kenaka anawerama ngati akutola singano.

Kutsogolo kwa khadilo kunali liwu limodzi la Chingerezi: linger. Anadina, khadi n'kutembenuka. Tanthauzo: kuchedwa kuchoka pamalo chifukwa mtima sukufuna. Pansi pake panali chiganizo chachitsanzo, cha m'Chingerezi, ndipo chinkanena kuti fungo la mpango wake limatsalira pa benchi ya m'kalasi, n'chifukwa chake wolembayo amachedwa dala kunyamuka ena onse atatuluka.

Shifa analuma mlomo kuti asamwetulire.

Wolembayo anali Bonifasi wa ku Madzimoyo, mwana wa alimi a thonje ndi mtedza, Mkatolika woimba kwaya. Anakumana m'kalasi ya obwereza Chingerezi cha Giredi 12, phunziro limene onse awiri analakwa chaka chatha. Mphunzitsi wawo, Madamu Millicent, ndiye anawaonetsa apu ya makhadi. Liwu kutsogolo, tanthauzo ndi chiganizo kumbuyo. Ukadina kachizindikiro ka sipika, mawu a mayi wachizungu amakuwerengera. Liwu limene lakuvuta limabweranso mawa, limene walidziwa limabisala sabata yathunthu. Madamu anawagawa awiriawiri kuti azilemberana makhadi m'bokosi limodzi, ndipo bokosi la Shifa ndi Bonifasi silinachedwe kusanduka china.

Azakhali ankafufuza WhatsApp ya Shifa madzulo alionse, uthenga ndi uthenga. Koma akaona makhadi a Chingerezi ankangoti, "Limbikira mwana, sukulu ndi yabwino." Sankadziwa kuti kuseri kwa munda wa thonje ku Madzimoyo kuli chulu chimene mnyamata wina amakwera ndi foni m'manja kusaka netiweki, kuti makalata ake afike ku Kapata atavala yunifolomu ya sukulu.

"Iwe Shifa, singano imeneyo yalowa pansi pa simenti?"

"Ndaipeza, azakhali."

A Mwanaamina anadikira kuti kasitomala atuluke, n'kuyandikira.

"Lamlungu likubwerali makolo a Muzammil akufika kuchokera ku Lusaka kudzakufunsira ukwati. Sitikufuna kuchita manyazi pamaso pa alendo. Bambo ako akuti yankho lako alimve Loweruka."

"Ababa anati sadzandikakamiza."

"Sakukukakamiza. Koma mnyamata ali ndi shopu ya mafoni, amapemphera, makolo ake timawadziwa kuyambira kwathu ku Mangochi. Ukufunanso wotani? Wogwa kumwamba?"

Shifa anapitiriza kupinda zitenje. Yankho anali nalo kale, lalifupi, ndipo ankalisunga ngati dzira.

Nthawi yomweyo a Asmani, bambo ake, analowa akupukuta magalasi. Anali munthu wamtali, wa ndevu zoyamba imvi, wodziwa nsalu pongoikhudza koma wosowa chonena akafika pa Chingerezi.

"Mwanangu, kaja unandiikira pa foni kakugwira ntchito. Aja a ku Lusaka amandiseka aja ndiwaonetsa chaka chino."

"Zikomo, Ababa. Pitirizani."

Masabata atatu m'mbuyomo anali atamupempha kuti awaikire apuyo. Iwo analibe imelo, ndiye Shifa, pothamangira ku kalasi, anangolowetsa dzina lake ndi nambala yake yachinsinsi, n'kuwapangira kabokosi ka mawu a malonda. Sanaziganizirenso.

* * *

Muzammil anabwera Lachiwiri chakumadzulo, a Asmani atapita ku mzikiti ndipo azakhali ali kunyumba. Fungo la perefyumu wake linkalowa m'sitolo mwiniwake asanafike pakhomo. Shifa ankalimva kukhosi ngati mafuta ophikira obwerezabwereza.

Anakhala pa mpando wa a Asmani osauzidwa. Anatulutsa mtedza wokazinga m'kapepala, n'kumauzira makoko ake pa zitenje zimene Shifa anali atangopinda. Chala chake chaching'ono chinali ndi chikhadabo chachitali chachikasu, ndipo ankatokosera nacho m'mano akulankhula.

"Ababa ali kuti?"

"Bambo anga ali ku swala. Mwina inunso mukanapita."

"Ukali umenewu ndimaukonda," iye anaseka. "Udzatha Lamlungu."

Shifa anayamba kukutumula makoko aja. Muzammil anaweramira pa kauntala, natsitsa mawu, n'kunena chiganizo cha Chingerezi pang'onopang'ono ngati akunyambita supuni. Chinali cha fungo la mpango ndi benchi ya m'kalasi. Liwu ndi liwu, osaphonya.

Shifa anasiya kukutumula makoko.

"Mwazitenga kuti zimenezo?"

"Zakukhudza? Ndili nazo zambiri. Pali china cha maso owala ngati thonje longothyola. Pali china cha kudikira pa mphambano mpaka chimanga chiume." Analavulira kakhoko pansi. "Mlimi wako uja amadziwa kulemba, ndisaname. Vuto lake amafesa paliponse."

"Mukutanthauza chiyani?"

"Kunabwera kamtsikana pa shopu panga kudzakonzetsa foni. Rozi, wa ku Madzimoyo komweko, wa kwaya. Potsegula foni ndinangoona makhadi mbwee. Omwewo. Iwe umaganiza kuti uli wekha?"

Dzina la Rozi Shifa ankalidziwa. Bonifasi anamuuzapo kuti amayi ake amamufunira mtsikana ameneyo, koma iye alibe naye kanthu. Tsopano mawu amene Shifa ankawawerenga atabisala, amene ankawaloweza mpaka kuwanong'oneza potsuka mbale, anali atatuluka m'kamwa modzaza mtedza wotafuna. Ndipo ngati Muzammil ankanena zoona, anali mawu a gulu, ngati kapu ya pa chitsime.

"Tulukani, achimwene. Ndikufuna kusesa."

"Sesa bwino, mkazi wanga."

Muzammil atatuluka, Shifa anatsegula mawindo onse. Fungo silinachoke.

* * *

Kalasi inkayamba wani koloko n'kutha fili koloko, ndipo Madamu Millicent ankasonkhanitsa mafoni onse m'dengu mpaka phunziro lithe. Lachitatu Shifa anakhala kutsogolo, kutali ndi benchi yawo. Atatuluka, Bonifasi anamupeza pansi pa mtengo wa mango pamene mnyamatayo ankaimika njinga yake. Manja ake anali okalikakalika ndi ntchito yothyola thonje, milomo youma ndi mphepo ya Juni.

"Shifa, ndalakwanji? Khadi lija silinafike? Ndinakhala pa chulu mpaka nyerere zinandipeza."

"Linafika. Kwa Rozi linafikanso?"

Bonifasi anamuyang'ana modabwa.

"Rozi? Rozi wa kwaya?"

"Ali angati? Kapena alipo ambiri moti wasokonezeka?"

"Ukunena chiyani kodi iwe?"

"Mpango wanga, eti? Maso anga? Munthu wina wandiwerengera zonse dzulo, m'sitolo mwa Ababa, akutafuna mtedza. Akuti anaziona pa foni ya Rozi. Boni, ndinamva mseru. Mpaka pano ndikumva mseru. Ndimawerenga makhadi ako ngati ndi anga ndekha, pamene iwe ukungosintha dzina ngati wolemba malisiti."

"Rozi ali ndi kafoni ka mabatani, kamene batire yake amamanga ndi mphira! Apu ingalowe bwanji mmenemo?"

"Ndiye kafoni kake ukukadziwa bwino."

"Timaimba kwaya imodzi! Wakuuza zimenezi ndani? Ndi uja wa mafoni, eti? Uja akufuna kukukwatira?"

"Iyeyo ndi wonyansa, ndikudziwa. Koma mawu ako anawatenga kuti? Anawalota?"

Apo Bonifasi anangogwira chiwongolero cha njinga n'kuyang'ana pansi, ndipo kwa Shifa zimenezo zinaoneka ngati kuvomera.

"Loweruka Ababa akufuna yankho langa," anatero Shifa. "Ndimafuna kukana chifukwa cha iwe. Tsopano sindikudziwa kuti ndikanire ndani."

"Shifa, usachite zimenezo. Ndipatse masiku awiri okha."

Koma iye anali atakwera kale njinga yonyamula anthu, atakokera mpango kumaso.

Atafika kunyumba anadzitsekera kuchipinda, natsegula bokosi lawo kuti afufute khadi lililonse. Anayambira la mpango. Chala chili pafupi kudina, maso ake anagwera pa timalemba ting'onoting'ono ta pansi, timene sankatiwerenga n'komwe. Apu inkasunga mbiri ya khadi lililonse. Inkanena kuti Shifa analiona khadilo Lolemba m'mawa, zimene zinali zoona. Inkanenanso kuti analiona Lolemba hafu pasiti wani, Lachiwiri hafu pasiti wani, ndi lero hafu pasiti wani.

Nthawi imeneyo foni yake inali m'dengu la Madamu.

Anatsegula khadi lina, kenaka lina. Onse chimodzimodzi, kwa masabata atatu. Munthu wina ankawerenga makhadiwo ndi dzina lake, tsiku ndi tsiku, itangotha swala ya masana. Ndipo foni ina yokhala ndi dzina lake inali imodzi yokha m'Chipata monse.

Shifa anakhala pansi pa simenti. Anaimbira Bonifasi. Foni yake sinkapezeka. Anali atabwerera kale ku Madzimoyo kumene netiweki imapezeka pa chulu pokha.

* * *

Lachinayi Shifa sanapite ku kalasi. Anatsanzika bwinobwino, nazungulira kuseri kwa sitolo, n'kulowa m'chipinda chosungira katundu. Anabisala pakati pa mabelo a nsalu, kuseri kwa katani imene inkalekanitsa chipindacho ndi sitolo.

Sanadikire nthawi yaitali. Anamva mapazi a bambo ake akuchokera ku mzikiti, kenaka fungo lija linadutsa pansi pa katani.

"Khala apa mwanawe, tiyambe," anatero a Asmani mosangalala. "Bokosi la malonda lija ndinalimaliza. Koma lachiwirili ndiye lokoma, lili ndi mawu aatali. Lero landibweretseranso lija landivuta lija."

Anadina sipika. Mawu a mayi wachizungu anadzaza sitolo, ofatsa, osadziwa kanthu: "I will wait for you until the maize is dry."

A Asmani anabwereza mokweza, akudula mawu ngati nsalu. Anabwerezanso kachiwiri. Shifa anadziphimba kumaso. Bonifasi analemba zimenezo mu Epulo, kumuuza kuti adzamudikira mpaka chimanga chiume m'munda.

"Unati tanthauzo lake n'chiyani paja?"

"Ndi mawu a malonda, Ababa," anayankha Muzammil mosazengereza. "Akutanthauza kuti katundu wanu ndikusungirani mpaka nthawi yokolola. Azungu amanena choncho kwa kasitomala amene amamulemekeza."

"Eya! Ameneyu ndi wofunika. Nanga la mtima lija unati chiyani?"

"Limenelo akuti sitolo yanu ili pamtima pa tauni."

"Chingerezi n'chozama," anatero a Asmani akupukusa mutu mogoma.

Shifa anasuzumira pa kampata ka katani. Bambo ake anali ataweramira pa foni, chala chikutsata malemba, milomo ikuyeserera ngati mwana wa Giredi wani. Kumbuyo kwawo Muzammil ankaseka mopanda mawu, mapewa akugwedezeka, uku akujambula khadi lililonse ndi foni yake. Munthu amene ankawatchula kuti Ababa, amene ankadya pa mphasa yawo tsiku la Idi, ankawasewera ngati chidole.

Manyazi a makalata ake anachepa pamaso pa zimenezi. Chimene chinatsala chinali kunyansidwa kokhakokha, kowawa ngati ndulu.

Patapita kanthawi a Asmani anaitanidwa panja ndi dalaivala wa lole imene inabweretsa katundu. Shifa anakankha katani n'kutuluka. Muzammil sanadzidzimuke n'komwe. Anangotulutsa chikhadabo chija m'kamwa.

"Aa, wophunzira wathawa sukulu."

"Kunalibe Rozi aliyense."

"Rozi alipo. Kungoti foni yake sindinaionepo."

"Mukuwanamiza bambo anga. Mukuwasandutsa choseketsa m'sitolo mwawo momwe."

"Ndikukuteteza, iwe. Masabata atatu ndakhala ndikukuphimba. Ndikanamasulira zoona tsiku loyamba, bwenzi pano uli ku Mangochi kwa agogo ako, mayeso osalemba." Anagwedeza foni yake m'mwamba. "Ukhoza kufufuta zonse, zithunzi ndili nazo makumi anayi. Loweruka ukanena kuti inde, zithunzizi zifa. Ukanena kuti ayi, ndiwawerengera Ababa chimodzichimodzi, azakhali ali pomwepo. Kenaka ndiziika pa gulu la amayi a ku mzikiti. Mwana wa a Asmani ndi mnyamata wa kwaya! Adzayenda bwanji bambo akowo m'Kapata muno?"

"Ndiye mukufuna mkazi amene akukuonani ngati masanzi?"

"Udzazolowera. Fungo lililonse limazolowereka."

Anatuluka akuimba mluzu. Panja Shifa anamva dalaivala uja akuseka mokweza kwambiri, ndipo bambo ake akuseka nawo, osadziwa chimene chikusekedwa.

* * *

Lachisanu Bonifasi sanabwere ku kalasi, ndipo Shifa anayesa kumuimbira kasanu ndi kawiri. Osapezeka. Anamutumizira uthenga wamba: "Ndinalakwa, pepa. Usalembenso khadi, Ababa akuwaona." Anaufufuta msanga azakhali asanafufuze foni, osadziwa ngati wafika kapena ukungoyendayenda m'mlengalenga kudikira chulu.

Akanatha kutenga foni ya bambo ake mozemba n'kuchotsamo dzina lake. Anaigwira kumene, ili pa tebulo bambowo akusamba. Koma zikanathandiza chiyani? Zithunzi zinali kwa Muzammil. Ndipo akanena kuti inde, munthu ameneyo akanakhala ndi chingwe m'khosi mwake moyo wonse, akumakoka akafuna.

Anaibweza foniyo pa tebulo momwe anaipezera.

* * *

Loweruka atadya chamasana anakhala pabalaza: a Asmani pa mpando wawo, a Mwanaamina pa mkeka, Shifa pambali pawo atapinda miyendo. Asanayambe, kunamveka odi. Muzammil analowa ndi jumbo ya malalanje.

"Ndimangodutsa, Ababa."

"Wadutsa bwino. Khala, nkhaniyi ndi yako yomwe," anatero a Asmani. Kenaka anatembenukira kwa mwana wawo. "Shifa, mayi ako asanatisiye ndinawalonjeza kuti sindidzakukankhira pakhomo limene sukulifuna. Alendo akubwera mawa. Tiwauze chiyani?"

Muzammil anaika foni yake pa bondo, n'kuigogoda pang'ono ndi chikhadabo.

Shifa anatembenukira kwa bambo ake.

"Ababa, ndisanayankhe, ndikupempha kanthu kamodzi. Tsegulani khadi lija mumalikonda, la chimanga. Liwerengedwe."

"Iwe, ino ndi nthawi ya sukulu?" anakalipa azakhali.

"Musiyeni," anatero a Asmani, atakondwa kuti aonetse luso lawo. Anadina, mayi wachizungu nawerenga, iwo n'kubwereza monyadira.

"Tanthauzo lake si la katundu, Ababa," anatero Shifa, maso ali pansi. "Akuti, ndidzakudikira mpaka chimanga chiume. La mtima lija akuti, mtima wanga unasamukira ku Kapata. Bokosi lonse lachiwirilo ndi makalata. Anandilembera ine ndi mnzanga wa m'kalasi, Bonifasi wa ku Madzimoyo. Ndinalakwa kukubisirani, ndipo ndinalakwa kuika dzina langa pa foni yanu. Koma achimwenewa ankadziwa kuyambira tsiku loyamba. Amakuuzani zabodza, akujambula makhadi kumbuyo kwanu. Lachinayi anandiuza kuti ndikawakana, aonetsa zithunzizo Kapata yense."

Lalanje limodzi linagubuduka kuchoka m'jumbo mpaka kukagunda mwendo wa tebulo.

"Bonifasi?" A Mwanaamina anagwira pachifuwa. "Dzina limenelo ndi la ku tchalitchi! Ndipo ine ndimakuuza kuti limbikira!"

A Asmani sanayang'ane mwana wawo. Anavula magalasi pang'onopang'ono n'kuyang'ana Muzammil.

"Lachinayi," anatero motsitsa, "ndinamugwira dzanja Jabulani, dalaivala wa lole, pamaso pa anyamata onyamula katundu. Ndinamuuza mawu a chimanga amenewa. Anaseka mpaka kutsamira tayala. Ine ndimaganiza kuti wagoma ndi Chingerezi changa."

"Ababa, ine ndimafuna kukutetezani ku manyazi..."

"Sabata yatha ndinaimbira mwini fakitale ku Lusaka, bambo wamkulu woposa ine. Ndinamuuza la mtima lija. Iwe uli pambali panga, ukundikodola kuti ndikweze mawu."

"Ndimati ndikuuzeni pa nthawi yake..."

"Usanditchulenso Ababa." Mawu awo sanakwere. "Ndinakuika pa mpando wanga. Ndinakuonetsa umbuli wanga, umene sindionetsa munthu, chifukwa ndimati ndiwe mwana wa m'nyumba. Iwe n'kumandivinitsa. Bweretsa foniyo."

Muzammil anazengereza. A Mwanaamina, ngakhale anali akupumira m'mwamba, anaitsomphola pa bondo lake n'kuipereka kwa mchimwene wawo.

"Fufuta, ine ndikuona. Chimodzichimodzi. Ndipo chithunzi chimodzi chikadzaoneka kwina kulikonse, ndidzaimirira mu mzikiti Lachisanu n'kufotokoza mmene unachipezera. Bambo ako ndiwaimbira ndekha kuti asavutike ndi ulendo."

Zinatenga nthawi, zithunzi makumi anayi. Atamaliza, Muzammil ananyamuka osatsanzika.

"Tenga malalanje ako," anatero a Asmani. "Mwanaamina, tsegula mawindo."

* * *

Shifa anamva ngati wachotsedwa thumba la simenti pamutu. Koma bambo ake atatembenukira kwa iye, nkhope yawo sinali yofewa.

"Usaganize kuti wapambana. Uja ndi wonyansa, koma nawe unandinamiza. Unandinamiza ndi sukulu, chinthu chimene ndimachilemekeza. Bweretsa foni yako."

Anaipereka ndi manja awiri. Iwo anaipatsa a Mwanaamina, amene anaimangirira pa nsonga ya chitenje.

"Mayeso ulemba, chifukwa ndinalonjeza mayi ako. Za mnyamata wa ku Madzimoyoyo sindinanene kanthu, ndipo usandifunse lero. Koma kuyambira pano makhadi azifikira pa foni yanga yokha. Ndipo wondimasulira ndiwe. Ndatopa kunamizidwa m'chilankhulo chimene sindichimva. Lumbira kuti chilichonse chimene chalembedwa udzandiuza momwe chilili, osachotsa, osawonjezera."

"Ndikulumbira, Ababa. Wallahi, sindidzakunamizaninso."

"Azakhali ako amva."

"Ndamva," anatero a Mwanaamina mowuma.

Shifa anapukuta misozi. Mumtima ankathokoza. Uthenga wake uyenera kuti unafika, Bonifasi sadzalembanso, ndipo pang'onopang'ono, mwina mayeso akadzatha, Ababa adzalola kumuona mnyamatayo ndi maso awo.

Foni ya a Asmani inanjenjemera pa tebulo.

Onse atatu anaiyang'ana. Kwinakwake ku Madzimoyo munthu anali atakwera chulu. A Asmani anavala magalasi, natsegula.

"Khadi latsopano," anatero. "Liwu lake ndi lalifupi." Analitchula movutikira, chilembo ndi chilembo: elope.

Shifa ankalidziwa liwulo. Madamu Millicent anawaphunzitsa mwezi watha, kalasi yonse n'kuseka: kuthawitsana, mwamuna ndi mkazi, makolo osadziwa.

A Asmani anadina sipika. Mayi wachizungu anawerenga modekha, ngati akulengeza za nyengo, ndipo Shifa anamva liwu lililonse. Bonifasi ankati sangapirire kumuona akuperekedwa kwa munthu wina. Ankati Lolemba sikisi koloko m'mawa adzakhala pa siteji ya mabasi a ku Katete, kuti amalume ake a Alfonsi avomera kuwasunga kumeneko, ndipo Shifa asatenge zambiri, kachikwama kamodzi basi.

Mawu aja atatha, a Asmani anatembenuza foni n'kuiika m'manja mwa mwana wawo. A Mwanaamina anasendera pafupi.

"Ndamvamo Lolemba, ndamvamo Katete," anatero bambo ake, akumuyang'ana m'maso. "Zotsalazo ndiuze iwe. Masulira, mwanangu."